Mwezi pa Filimu ya Chifuwa

Ana anga, nonse mukuidziwa filimu yakuda ija imene ndinaipanikiza pakati pa magalasi awiri pawindo la pabalaza kuno ku Ascot, ku Gweru, ndipo nonse munakula mukumva agogo anu aamuna akuitcha chifuwa chawo. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anandifunsapo chifukwa chake, munkangoti ndi nthabwala za nkhalamba. Pakuti tsopano ntchito ndinapuma, ndipo nthawi ndili nayo yochita kusowa poiika, ndati ndilembe nkhani yake mutu usanayambe kundisokoneza. Filimu imeneyo ndi chithunzi changa choyamba cha mwezi chimene chinatuluka bwino. Ndi yomweyonso imene inatsala pang'ono kuwakweza basi agogo anuwo kuti akafere ku Ntcheu, inu musanabadwe n'komwe.

1979, chipatala cha mgodi, Zvishavane

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza pachipatala cha mgodi wa asibesito, kumene ankajambula m'thupi, komwe aliyense ankangoti kuekisire. Anandiika m'kachipinda kamdima kotsukira mafilimu. Munali matanki a mankhwala onunkha ngati viniga, kanyale kofiira kamodzi, ndi ine. Bambo anga, amene anachoka ku Ntcheu ali mnyamata n'kukhala akuboola miyala pansi pa nthaka zaka zawo zonse, atamva za ntchitoyi anaseka mpaka kutsokomola. "Ndinakutumiza kusukulu kuti uthawe mdima," anatero, "iwe wakaupeza wina pamwamba. Aziko ndaba, palibe kanthu, Eliya, bola wakowo sugumuka."

Chaka chilichonse munthu aliyense wogwira ntchito pansi ankabwera kudzajambulitsa chifuwa. Ankavula malaya, kutsamira chitsulo chozizira, kukoka mpweya, kenako filimu yake n'kubwera kwa ine ili ndi nambala yake pakona. Mapapo abwino pafilimu amaoneka akuda. Fumbi la mgodi likakhazikika, mumayamba kuoneka timadontho toyera, ndipo dokotala akationa, munthuyo ankamuchotsa pansi. Amwayi ankawapezera kantchito ka pamwamba. Ena ankangopatsidwa zawo n'kutsanzika, ndipo nyumba ya kukomboni inkapita limodzi ndi ntchito. Kwa mnzathu wa Chishona, zimenezi zinkatanthauza kubwerera kumudzi kuseri kwa phiri. Kwa ife ochokera ku Malawi unali ulendo wamasiku, wopita kumudzi kumene mayina athu ena anali ataiwalika kale. N'chifukwa chake panali kamchitidwe kamene tinkati kubwereka chifuwa: munthu amene akudzimva kuti mpweya wayamba kumuperewera ankatuma mng'ono wake wathanzi kuti akaime pachitsulo paja ndi nambala yake. Ena opanda ang'ono awo ankandidikirira pageti n'kundinong'oneza kuti, "Mwana wa aPhiri, filimu yangayo ungoiyatsira nyale, ipse." Filimu ikaona kuwala isanamalize kutsukidwa imada yonse, ndipo kuti adzamuitanenso munthuyo pankapita miyezi yambiri. Ine ndinkawayankha kuti nyale ya m'chipinda mwanga ili ndi mwini wake.

Mwini wakeyo anali bwana wanga woyamba, mzungu wachikulire wa chibwano chachitali amene tinkamutcha Fosholo. Kuseka sankakudziwa, ndipo filimu ikakhala ndi chidindo cha chala ankangokubwezera osanena kanthu, zomwe zinkawawa kuposa kukalipiridwa. Tsiku lina tikuweruka, dzuwa litangolowa, anandiitana kuti ndimutsitsire katundu m'galimoto. Chinali chipaipi choyera, chonenepa ngati ndowa, chotalika kufika pachifuwa panga, chokhala ndi miyendo itatu yathabwa. Ine ndinkayesa ndi zida zatsopano za ekisire. Anachiimika pakapinga, kuchilozetsa kumwamba, n'kundiuza m'Chilapalapa, chinenero cha kumigodi, kuti, "Buka lapa," kutanthauza kuti yang'ana apa. Ndinaika diso pa kagalasi kam'mbali, ndipo ana anga, ndinadumpha. Mwezi umene ndinkaudziwa ngati mbale yosalala unali dziko lathunthu, la mapiri, zigwa ndi maenje ozungulira osawerengeka, mwina dzenje m'kati mwa dzenje linzake, mithunzi yake ili bii. Ndinachotsa diso n'kuyang'ana kumwamba: unali mwezi womwe uja, watheka, uli phee pamwamba pa dampu, chimulu cha zotayidwa za mgodi. Pobwezera diso ndinaupeza utasuntha, watsala pang'ono kutuluka m'galasi. "Bwana, ukuthawa!" ndinafuula. Fosholo anaseka, ndipo kanali koyamba kuti ndione mano ake. Anandiuza kuti chipangizocho ndi thelesikopu, kuti pansi pake m'kati muli kalilole wokumbika amene amasonkhanitsa kuwala, ndiponso kuti wothawayo si mwezi kwenikweni koma ifeyo, dziko likutembenuka nafe. Ndinapita kunyumba ndikuponda pansi mosamala.

1983, kukomboni

Ufulu utabwera, azungu ambiri anayamba kulongedza, ndipo Fosholo naye anatsatira anzake kumwera. Chipaipi chija chinakana kulowa m'galimoto yodzaza kale ndi mipando ndi agalu. Anachiyang'ana, kundiyang'ana ine, n'kuchikankhira kwa ine ndi phazi. Ndinachisenza paphewa kudutsa m'komboni monse, anthu akuitanizana kuti adzaone mwana wa aPhiri wagula mzinga. Amayi anga anachipatsa malo kuseri kwa chitseko, ndipo ndikapanda kuwaona ankayanikapo matawulo. Koma bambo anakana kwamtuwagalu kuyang'anamo. "Mwezi ndinauona ku Ntcheu, ndinauona panjira ku Tete, ndikuuona kuno, wopanda paipi," ankatero. "Wasintha chiyani? Za kumwamba uzizisiya kumwamba." Zinandiwawa, chifukwa chinthu chokoma chimene waona wekha chimalemera mumtima. Apa m'pamene panabadwira ganizo lojambula. Ndinati ngati iwo sakufuna kupita kwa mwezi, mweziwo ndiwabweretsera m'manja.

Kamera ndinaipeza kwa mkulu wina wojambula maukwati amene maso anali atamusiyitsa ntchito. Inali yamakedzana, yokhala ndi mvukuto ngati wa osula makasu, filimu yake yolowetsa kumbuyo imodziimodzi. Ndinachotsa diso lake, n'kuimangirira ndi mphira za chubu cha njinga pa kagalasi koyang'anira kaja, kuti mwezi m'malo mogwera m'diso langa uzigwera kumbuyo kwa kamera. Vuto linali filimu. Zaka zimenezo zinthu zochokera kunja zinkasowa, m'masitolo filimu ya kamera inali nkhani yakale, ndipo ngakhale kuchipatala tinkadula filimu imodzi pawiri tikamajambula dzanja kapena phazi. Bwana wanga watsopano anali Mai Moyo, mayi wamfupi wolankhula Chindebele akakwiya ndi Chishona akasangalala. M'kabati munali bokosi la mafilimu a ekisire otha nthawi, oyembekeza kutayidwa, ndipo ndinalimba mtima kukawapempha.

"Mukuti mukufuna kujambula ndani, VaPhiri?" anandifunsa osadzutsa mutu.

"Mwezi, mayi."

Anavula magalasi. "Mwedzi? Ukudwala chiyani?"

Nditawafotokozera, anandiyang'ana nthawi yaitali ngati akufuna kunditumiza kwa dokotala wa mutu. Kenako anati, "Zvakanaka, chabwino. Tengani otha nthawiwo. Mankhwala muzigwiritsa otsala a Lachisanu tisanawataye. Koma mukaujambula mudzandionetse, ndione ngati unathyoka nthiti."

Ndinkayesa kuti ndi ntchito ya sabata imodzi. Ndinayamba ndi mwezi wathunthu, poganiza kuti waukulu ndiye wabwino, ndipo pafilimu panatuluka chinthu chozungulira chakuda ngati chitumbuwa chopserera, chopanda dzenje ndi limodzi lomwe. Ndinadabwa kuti mapiri aja apita kuti. Patapita miyezi m'pamene ndinazindikira kuti mwezi ukakhala wathunthu dzuwa limauwomba pamphumi, ndiye mithunzi sipakhala, pomwe ukakhala watheka limauwomba cham'mbali ndipo dzenje lililonse limadziulula. Zimenezi zinandikomeranso chifukwa mwezi watheka umakhala uli kale pamwamba dzuwa likamalowa, sufuna kuuchezera. Kenako panabwera vuto la kunjenjemera. Ndikangokhudza kamera, chipaipi chonse chinkagwedezeka, n'kutuluka miyezi iwiri yoberekana. Mankhwala ake chinali chipewa chakuda cha bambo chopitira kutchalitchi. Ndinkachigwira kukamwa kwa paipi, kutsegula kamera, kudikira kuti zonse zikhale bata, kenako kuchotsa chipewa n'kuchibwezeranso. Koma kuchichotsa kwa nthawi yaitali bwanji? Ukafulumira pafilimu sipaoneka kanthu, ukachedwa mwezi uja umayenda n'kudzipaka wokha. Ndinayesa zosiyanasiyana mpaka ndinapeza kuti nthawi yake ndi yofanana ndi kunena kuti "zikomo." Choncho anthu odutsa ankaona mwana wa aPhiri akuvulira chipewa paipi n'kuithokoza, ndipo mbiri inamveka mpaka kumsika. Amayi anu ndinkawafunsira m'zaka zomwezi, ndipo anandilola ngakhale azakhali awo anawachenjeza kuti mnyamatayo ali ndi mkazi wina kumwamba.

Mwezi watheka umabwera masiku owerengeka okha pamwezi. Dzinja mitambo inkaubisa, nthawi ya mphepo fumbi la padampu linkauphimba, ndipo masiku abwino filimu yotha nthawi ija inkachita zofuna zake. Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine nkhono yanga inanditengera zaka.

1987, nyengo yozizira

Chaka chimenechi bambo anabwera kudzajambulitsa chifuwa monga mwa nthawi zonse, akuseka ndi anzawo pamzere. Filimu yawo inafika m'manja mwanga ndipo nambala yawo ndinkaidziwa ngati dzina langa. Ndikufuna mumvetse mmene ntchitoyi imayendera. Filimu ikatuluka mu tanki yoyamba, chithunzi chimakhala chitaoneka koma chisanakhwime, ndipo chimakhwimira mu tanki yotsatira. Pakati pamenepa, ukangoyatsa nyale yoyera, chonse chimada ndipo palibe amene angadziwe chimene chinalipo. Ndinainyamula filimuyo kuloza ku kanyale kofiira, ndipo ndinationa timadontho tija, pansi pa mapapo mbali zonse ziwiri. Sitinali tambiri, koma tinalipo. Switchi ya nyale yoyera inali pafupi ndi chigongono changa. Ndinaganiza za nyumba yathu, za amayi ndi kadimba kawo ka mpiru kuseri, za bambo amene pansi paja anali kapitawo wa gulu lawo ndipo ankayenda ngati mgodi ndi wawo. Ndinaganizanso za chaka china chathunthu akupuma fumbi lomwe lija. Ndinagwira njakata, mankhwala akudontha pansapato. Mapeto ake ndinaimiza filimuyo mu tanki yotsatira. Dokotala wa zifuwa ankabwera patalipatali kudzawerenga mafilimu onse pamodzi, ndipo lamulo linali lakuti ife a m'chipinda chamdima sitiuza munthu kanthu. Kunyumba ndinkadya ndikuyang'ana m'mbale.

Sabata yomweyo, ngati kuti ukundiseka, mwezi unalola. Lachisanu nditatsuka kafilimu kanga ndinapeza mwezi watheka, waukulu ngati chikhatho cha mwana, wakuthwa bwino, dzenje lililonse lili poyera. Pafilimu choyera chimatuluka chakuda, choncho mwezi wanga unali wakuda, m'mphepete mwake muli timadontho ndi timizere toyera. Mai Moyo anaupachika pabokosi la nyale pomwe timaonera zifuwa, n'kuuyang'ana manja ali m'chiuno. "Maiwe," anatero pomaliza. "Akanakhala munthu uyu, ndikanamuchotsa pansi lero lomwe." Tinaseka, ine osadziwa kuti mawuwo adzanditsata kunyumba. Sindinafune kuwaonetsa bambo mwezi wakuda. Ndinati ndiyambe ndapeza pepala losindikizira zithunzi kuti utuluke woyera monga amaudziwira, koma pepalalo nalonso linkasowa. Ndiye ndinaika filimuyo mu envulopu yakale ya chipatala n'kuilowetsa pansi pa matiresi kuti isapindike komanso isadye fumbi.

Masabata otsatira bambo anasintha. Njinga yawo, imene ngakhale ine sindinkaloledwa kuikwera, anaipereka kwa mkulu wa mpingo. Sutikesi imene inakhala pamwamba pa kabati chibadwire changa inatsika. Suti yawo inayanikidwa padzuwa. Chakudya chinkabwerera kukhitchini chitangotsinidwa pang'ono, ndipo ndinawamva akufunsa mnansi wathu za mabasi opita ku Malawi odzera ku Nyamapanda. Ine ndi mtima wanga wolemera uja ndinkaganiza kuti mwina thupi lawauza lokha. Tsiku lina ndikuchokera kuntchito, amayi anandiimitsa pampopi, maso ali ofiira.

"Eliya, bambo ako akupita Loweruka. Akuti akafere kwawo, asadzaikidwe m'manda a komboni ngati munthu wopanda mudzi. Akuti ine nditsale ndi iwe."

"Akafere kwawo? Wawauza ndani kuti akufa?"

"Iwe ukufunsa ine? Ndimati ndiyanike matiresi ako, envulopu n'kugwa. Anaitola, n'kuiyang'ana padzuwa ngati mmene amachitira dokotala. Akuti latsala phapo limodzi, nalonso ladyeka m'mbali ngati tsamba la mbozi. Akuti mwana wabisa kuti atisunge mtima, ndiye tisamufunse, tingamuchititse manyazi."

Kuseka kunabwera, kulira kunabweranso. Ndinathamangira m'nyumba, kusolola envulopu ija, n'kuwapeza bambo kuseri akupolisha nsapato zawo zapaulendo. Ndinagwada pambali pawo.

"Bambo, filimu imene munaona ija si chifuwa chanu. Ndi mwezi."

Sanasiye kupolisha. "Mwanangu, unandilera mtima, ndathokoza. Koma usandiyese mwana. Mwezi ndi woyera."

"Pafilimu choyera chimada, bambo."

"Aikona. Mafilimu amenewa ndakhala ndikuwaona chaka ndi chaka. Envulopu ya chipatala, filimu ya chipatala, sabata yomwe ndinajambulitsa, pansi pa matiresi. Munthu amabisa mwezi pansi pa matiresi?"

Ndinaona kuti pakamwa pokha sindipambana. Mwamwayi, chijambulire chithunzicho mwezi unali utafa n'kukhalanso, ndipo madzulo amenewo unali wafikanso theka, uli pamwamba pa denga la mnansi kunja kusanade. Ndinatulutsa chipaipi, kuchiimika pakati pa mizere ya mpiru, n'kuupeza. Ndinawapempha kuti ayang'anemo kamodzi kokha, akapeza kuti ndanama ndikawanyamulira ndekha sutikesi kukwerero la basi. Anapukusa mutu. Apa amayi, amene anali ataima pakhomo la khitchini, analowererapo. "APhiri, zaka zonsezi mwakhala mukutsika dzenje losaoneka pansi pake, lero muope kabowo ka galasi? Dzukani, mwana akuzizidwa." Bambo anaika nsapato pansi, kupukuta manja pathalauza, n'kuwerama pa kagalasi kaja, dzanja limodzi litatseka diso linalo.

Anakhala choncho nthawi yaitali moti ndinayamba kuopa kuti sakuona kanthu. Kenako ndinamva akupuma mokoka. "Hee! Iwe! Anakumba ndani zimenezi?" Ndinawauza kuti ayang'ane pamalire a kuwala ndi mdima, pakatikati, apeza maenje atatu akuluakulu otsatana. Atawapeza, ndinawatengera pawindo la khitchini pomwe amayi anali atayatsa nyale, n'kuwaonetsa maenje atatu omwewo pafilimu. Anabwerera kupaipi, kubweranso kuwindo, kubwereranso kupaipi, akuwerenga ndi chala. Ulendo wotsatira sanabwerenso kuwindo. Anali atayamba kuyendera mweziwo ngati kapitawo. "Dothi angoliunjika m'mphepete mwa dzenje," ankang'ung'udza. "Dampu alibe. Njira yotulutsira miyala palibe. Ntchito yosalongosoka imeneyi." Ndinawauza zimene Fosholo anandiuza, kuti maenjewo sanakumbe munthu, inagwa ndi miyala yochokera kumwamba. Anadzutsa mutu n'kundiyang'ana. "Kumwambako kulinso kumwamba kwake?" Amayi anaseka mpaka kukhala pansi pakhonde, akupukuta misozi ndi nsalu, ndipo bambo nawo anayamba kuseka, akudzimenya pantchafu, akuti, "Ndimakafera mwezi ine! Mushe sitereki, zokoma zedi!"

Kuseka kutatha, anakhala pampando wawo uja n'kundiitana ndi dzanja. Mawu awo anatsika. "Chabwino, uwu ndi mwezi. Nanga changa chenicheni, unachiona?"

Ndikanatha kunena kuti lamulo silindilola. Ndikanathanso kunama, pakuti madzulo amenewo akanakhulupirira chilichonse chochokera pakamwa panga. Koma munthu amene anali atapolisha kale nsapato zokafera sindikanamupatsa bodza. "Ndinachiona, bambo. Mapapo onse awiri alipo. Koma muli timadontho pansi, mbali zonse. Si tambiri, koma dokotala ationa, ndipo pansi akuchotsani."

"Nyale ija imene anthu amakupempha, inali patali?"

"Inali pachigongono panga."

"Ndiye unaisiya. Bambo ako okubereka."

"Ndinaisiya. Ndinati nyumba ipite, koma inu mutsale."

Apo ndinadziwa kuti ndawalanda chinthu chimene ankachikonda. Anaimirira, kupita kupaipi, kuwerama, n'kunena mokalipa kuti, "Wathawa uyu. Mubweze." Ndinasuntha chipaipi mpaka mwezi unabwerera pakati, ndipo anauyang'ananso kwa nthawi, ine ndi amayi tikudikira kumva ngati basi ya Loweruka ikadalipo. Kenako analankhula diso lidakali pagalasi. "Uyu ali ndi mabowo onsewa, koma shifiti sajomba. Ine timadontho ndiye ndikakwere basi?" Anawongoka n'kutembenukira kukhonde. "ANabanda, mawa mukamuuze mkulu wa mpingo uja kuti njinga ija ndinangomubwereka."

1988 mpaka lero

Dokotala atabwera anationadi timadontho tija, ndipo bambo anachotsedwa pansi. Mwayi unatigwera: anawapatsa ntchito ya kumalampu, kumene anthu amatenga nyale za pachipewa akamatsika n'kuzibweza akamatuluka, ndipo nyumba sinapite. Sindikunamizani kuti anasangalala. Kwa miyezi ingapo ankandilankhula mawu ofunika okha, ndipo ankati ntchito yopatsa amuna anzako nyale iwe n'kutsala pamwamba ndi ya nkhalamba. Zinkandipweteka, koma ndikawamva akukwera kamtunda ka kutchalitchi panjinga yawo ija osaima, mtima unkakhala m'malo. Chimene sanasiye ndi paipi. Mwezi ukangofika theka ankayamba okha kuchotsa matawulo a amayi, ndipo chipewa chakuda chija ankachigwira okha, "zikomo" wake akumunena mokweza ngati akulamula gulu. Filimu ija anailanda. Alendo akabwera ankaiyang'anitsa padzuwa n'kunena mwachisoni kuti, "Onani chifuwa changa," n'kuwasiya adandaule kaye asanawauze zoona.

Ine ntchito inanditenga kupita ku kachipatala ka migodi ya kuromu ku Lalapanzi, kumene magetsi ankathima pakati pa kutsuka filimu koma kumwamba kunali koyera kuposa kulikonse kumene ndakhalako. Kenako ndinabwera kuno ku Gweru, komwe ndinagwira mpaka makina atsopano anafika, chithunzi n'kumatulukira pakompyuta, kachipinda kamdima n'kusanduka kosungiramo matsache. Chaka chatha mwana wanga Chikondi unagunditsa foni yako pa kagalasi ka paipi yomwe ija, ndipo m'kuphethira kwa diso unatenga chithunzi choposa zonse zimene ndinavutikira zaka zanga zija, chopanda chipewa, chopanda zikomo. Sindinachite nsanje kwenikweni. Ndinangokufunsa mmene kafoniko kamadziwira nthawi yotsekera, ndipo mpaka lero sunandiyankhe zogwira mtima.

Agogo anu atapuma ntchito anasamukira ku Makwasha, konko ku Zvishavane. Mpweya unadzawaperewera ndithu kumapeto, fumbi silikhululuka, koma linawapeza atakalamba, nonse mutabadwa, aliyense wa inu atakhalapo pamiyendo pawo n'kuwakoka ndevu. Anaikidwa komweko, anthu a mpingo wawo ndi anzawo a pansi atadzaza msewu, ndipo palibe amene akanati ndi munthu wopanda mudzi. Tsono tsiku lina mukamadzagawana zanga, paipi mudzapatse aliyense amene ali ndi chidwi, kamera ya mvukuto mudzachite nayo zimene mukufuna. Koma filimu ya pawindoyo musadzaitaye, ndipo zidzukulu zikadzafunsa musadzafulumire kuziuza kuti ndi mwezi. Mudzaiyang'anitse kaye padzuwa, n'kuziuza kuti ndi chifuwa cha agogo.